Chifukwa Chake Ndadula Nsapato ya Tadala

Inde, ndine ndadula nsapato ya Tadala. Lekani kunamizira galu, galu sagwira mpeni. Ndaidula dzulo masana ndi kampeni ka amayi anu kosendera mbatata, ndipo zidutswa zake ndi izi m'jumbomu. Khalani pansi ana inu, pakhonde pano pali mthunzi. Iwe Tadala khala pampando, ndipo nkhope imeneyo uimasule. Ndadula yakale ija unaiponya kuseri kwa chitseko. Zatsopano zimene anakutumizira amalume ako a ku Joni sindinazikhudze.

Ndikudziwa kuti Loweruka likubwerali uli ndi mpikisano wosankha atsikana okaimira chigawo chathu chino pothamanga. Zingwangwa yonse ikudziwa, chifukwa amayi ako auza ngakhale ogulitsa tomato. Ndikudziwanso china chimene ukuganiza kuti wabisa: ukutsimphina. Ukafika pageti umawongoka ngati msilikali, koma ine ndimakhala pawindo, ndimakuona kuyambira kumtunda kuja phazi lamanzere ukuliponda cha m'mbali. Nkhani yanga lero ndi ya phazi limenelo, ngati lithamange Loweruka kapena lipite kuchipatala mawa. Koma mundilole ndizungulire kaye, pakuti ine njira yachidule sindiidziwa.

Ine ndinabadwira ku Nsanje, kumene mchenga wa mu Okutobala umawotcha mpaka nkhuku zimayenda modumphadumpha. Nsapato kwathu zinali za abambo mfumu ndi aphunzitsi. Madoda ena ankavala nkhwaira, zodula ku tayala la galimoto, zimene mwini wake ankamwalira izo zikadali zatsopano. Ife ana tinali ndi mapazi amene Mulungu anatipatsa, basi. Musaganize kuti tinkathamanga pofuna mendulo. Tinkathamanga chifukwa pansi pankatentha. Pochokera kusukulu unkasuzumira mtengo wa masau uli uko, n'kuliyatsa liwiro mpaka pamthunzi wake, kupuma pang'ono, kutola masau awiri atatu, n'kuyang'ananso mtengo wina. Inu mukuti kuchita masewera olimbitsa thupi, ife tinkati kupita kunyumba.

Tsono phazi lopanda nsapato lili ndi khalidwe lake, silisunga chinsinsi. Ukaponda molakwika limakuuza pomwepo. Ukathamanga mopitirira, khungu la kunsi limayamba kulira mafupa asanatope n'komwe, ndipo umakhala pansi osachita kuuzidwa ndi munthu. Komanso phazi lotero limasiya dzina lako paliponse. Amayi anga ankangoyang'ana pamchenga n'kunena kuti, "Zuze wadutsa apa, ndipo amathamanga, ndiye kuti walakwa kanthu." Iwo ankaopa kwambiri anthu otapa phazi. Mukudziwa kutapa phazi inu? Ankati munthu wanjiru amatenga dothi la pamene waponda n'kukalichita zamankhwala kuti mwendo wako ulumale. Mawu amenewa muwasunge, tikumana nawonso.

Ku Blantyre ndinabwera pa sitima ndili mnyamata wa ndevu zoyamba, nditanyamula mphasa, milamba youma ndi kathumba ka mapira koti ndikapatse azakhali anga ku Ndirande. Sitima ija inkakwera phiri ngati ikupempha chilolezo, moti ena ankatsika kukagula nthochi n'kuipezanso. Nditatsika ku Limbe kunali chiperoni, ndipo ndinadabwa kuona kuti pansi pangathenso kuzizira mpaka zala za kumapazi kuchita dzanzi. Azakhali anandiyang'ana kumapazi n'kupukusa mutu. "Mapazi awa ndi a kumudzi," iwo anatero. "Kuno ku tauni uziwabisa pansi pa tebulo."

Ntchito ndinaipeza ku fakitale ina ku Makata, yonyamula mabelo. Kumeneko ndinakumana ndi Lusiyano, mnyamata wa ku Bangwe amene makolo ake anachokera ku Mozambique kudzera ku Mulanje. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, koma akayamba kuthamanga sankadziwa kuleka. Fakitale inali ndi timu ya othamanga, ndipo tonse awiri anatitenga. Tikaweruka tinkakwera tinjira tafumbi ta m'phiri la Ndirande, lomwe nthawi imeneyo linali ndi mitengo, osati mutu wometedwa mukuuonawu. Tinkathamanga opanda nsapato, ndipo palibe fupa limene linadandaula.

Kenako kunabwera mpikisano wa makampani, wothamanga mumsewu kuchokera ku Limbe kutsikira mumzinda. Abwana anati anyamata awo sangakaoneke ngati abusa a mbuzi, choncho anatigulira nsapato. Zinali za nsalu, zoyera mbee, soli yake yopyapyala yoti ukaponda njere ya chimanga umaimva. Ana inu, mukanaona mmene ndinazinunkhizira! Lusiyano anatenga zake n'kuzitsekera m'sutikesi. Nditamufunsa anati, "Ase, iwe zovala za Khirisimasi umavala mu Novembala? Izi ndi za tsiku lake." Umu ndi mmene tinaleredwera tonse, chinthu chatsopano chimadikira tsiku lalikulu. Iye anapitiriza kuthamanga m'phiri mwake wopanda nsapato.

Ine ndikanachita chimodzimodzi, koma panali vuto lina ku Chitawira. Vutolo linkagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu, litavala chilundu chobiriwira. Musaseke, ndikunena agogo anu aakazi, Mulungu awalandire. Tsono nsapato zoyera m'phiri angazione ndani, anyani? Ndinasiya tinjira tafumbi n'kuyamba kuthamanga pa tala, kuchokera ku Ndirande, kudutsa ku Chichiri, kutsikira ku Chitawira, n'kubwerera. Tsiku loyamba agogo anuwo sanandiyang'ane. Patapita masiku anandiimitsa n'kunena kuti, "Achimwene, nsapato zoyera chonchi mukuthawa nazo ndani? Mwaba?" Kuyambira pamenepo ndinkadutsa m'mawa ndi madzulo, ndipo mtunda unali wotalika kuposa uliwonse umene ndinathamangapo m'moyo wanga.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti mapazi anasiya kudandaula. Tala wotentha sindinkamumva, timiyala sitinkandibaya. Ndinkati nsapato zandipatsa mapazi achitsulo. Koma patapita masabata angapo, pamwamba pa phazi lamanzere panayamba kuwawa, pamalo amodzi pokha, poti ukhoza kuphimba ndi chala. Ndikayamba kuthamanga pankayamba, ndikapuma pankaleka. Kenako panasiya kuleka. Panatupa pang'ono, ndipo ngakhale poyenda kupita kuntchito ndinkapamva. Azakhali anandithowa ndi madzi otentha, anzanga anati ndi minyewa chabe, mwamuna salira ndi phazi. Ine ndinkaganizanso choncho, pakuti sindinagwe ndipo sindinapunthwe.

Tsiku la mpikisano ndinamanga zingwe zolimba n'kunyamuka ndi anzanga. Ululu unalipo, koma anthu anali m'mbali mwa msewu akukuwa, ndipo ndinkadziwa kuti chilundu chobiriwira chikudikira kutsogolo. Ndinali m'gulu loyamba, Lusiyano ali pambali panga nsapato zake zikulira chifukwa cha utsopano. Titayandikira ku Chichiri ndinamva kuti thyo! ngati waponda kamtengo kouma, koma pamsewu panalibe kamtengo. Phazi linakana kundinyamula. Ndinakhala pansi m'mbali mwa ngalande n'kuyang'ana anzanga akupita. Ndinalira, ana inu, ndipo sichinali chifukwa cha ululu wokha.

Kuchipatala adokotala anandifunsa kuti, "Munagwa?" Ndinati ayi. "Chinakugwerani chinthu kuntchito?" Ndinati ayi. Anajambula, anandionetsa kafupa kamene kanathyoka, anandiika chikhakha n'kuitana wodwala wina, chifukwa mzere unali wautali. Ndinatuluka ndi ndodo komanso ndi funso: fupa lingathyoke bwanji munthu osagwa?

Azakhali yankho anali nalo kale. "Wapambana ndani?" anafunsa. Ndinati Lusiyano. "Basi, nkhani yatha. Anakutapa phazi mnyamata wa ku Bangwe ameneyo." Lusiyano atabwera kudzandiona, atanyamula phava la nthochi, iyenso akutsimphina chifukwa nsapato zatsopano zinamutulutsa matuza, azakhali anamubweza pakhomo. Ndinamumva ali panja akunena kuti, "Amayi, ine ndi mnzanga uyu," koma chitseko chinatsekedwa. Zinandiwawa kwambiri. Ubwenzi wathu sunathe, mpaka anadzakhala mboni pa ukwati wanga, koma ku Ndirande sanapondekonso azakhali ali moyo.

Ndili chigonere pamphasa ndi chikhakha changa, ndinayamba kusinkhasinkha. Ku Nsanje ndinasiya mapazi pamchenga ubwana wanga wonse, aliyense wofuna kutapa akanadzaza dengu, koma palibe chinandichitikira. M'phiri la Ndirande ndinasiya mapazi pafumbi, palibenso chinachitika. Tsono masabata amene ndinavala nsapato n'kumathamanga pa tala, pamene sipatsala chizindikiro chilichonse, ndiye phazi lathyoka. Ndinafunsa kuti, "Azakhali, kodi pa tala phazi amalitapa ndi chiyani? Ndi fosholo?" Iwo anandiloza ndi chipande n'kunena kuti, "Iwe Zuze, mafunso akowa adzakupha. Ukuganiza kuti afiti sanafike ku tauni?" Koma ine sindinakhutire.

Fupa linapola, koma linapola ndi chotupa, ndipo liwiro langa silinabwererenso. Ndinayesa, phazi linkatupa. Ndinakwatira, tinasamukira kuno ku Zingwangwa kukadali minda ya chimanga mpaka m'munsi mwa phiri la Soche, tinabereka amayi anu ndi amalume anu. Funso lija ndinkayenda nalo ngati mwala m'thumba. Agogo anu aakazi ankatopa nane. "Bambo a Rozina," ankatero, "phazi linathyoka kalekale, mkazi munapeza, mukufunanso chiyani?" Koma ine ndinabadwa choncho, wailesi ikafa ndimaitsegula ngakhale sindidziwa kuikonza. Ndinafunsapo osoka nsapato kumsika. Ndinafunsapo neba wathu wina amene anali msilikali, ndipo iye anandiuza kuti kumaphunziro awo anyamata ena atsopano ankathyoka chimodzimodzi, pongoguba ndi majombo tsiku ndi tsiku. Pamenepo ndinadziwa kuti si ine ndekha, pokhapokha ngati Lusiyano ankatapanso mapazi a asilikali.

Yankho ndalipeza ndi imvi zonsezi, chaka chathachi, pamene mawondo anayamba kundivuta n'kumapita kuchipatala kwa mayi wina wowongola mafupa ndi minyewa. Tsiku lina akundipinda bondo anaona chotupa chija n'kufunsa kuti, "Agogo, apa munatani?" Ndinawafotokozera zonse, mpaka chilundu chobiriwira. Anaseka, kenako anati, "Munapindapo waya? Mukaupinda kamodzi suthyoka. Koma pindani, wongolani, pindani, wongolani pamalo amodzimodzi, umayamba kamng'alu, kenako umaduka wokha. Fupa limateronso. Kusiyana kwake n'kwakuti fupa ndi lamoyo, limadzikonza lokha munthu akamapuma ndi kudya bwino. Koma mukalipatsa ntchito yambiri mwadzidzidzi, kung'aluka kumathamanga kuposa kukonza."

Ndinati, "Ndiye olakwa ndi nsapato?" Iwo anati, "Nsapato pazokha ayi. Inu munasintha zonse nthawi imodzi: nsapato, msewu, mtunda. Kale khungu linkakuimitsani msanga. Nsapato zinatseka khungu pakamwa, koma soli yopyapyala ija sinachepetse kugunda kwa tala, ndiye zonse zinkathera pa timafupa ta phazi. Mnzanu uja anapulumuka chifukwa sanasinthe mathamangidwe ake a tsiku ndi tsiku, ngakhale kuvala nsapato yatsopano pa mpikisano si nzeru, mwaona matuza aja." Ndinafunsanso kuti nsapato yabwino koposa ndi iti, yokhuthala kapena yopyapyala. Anandiyankha mosabisa kuti ngakhale iwo a ntchito imeneyi samvana chimodzi, chifukwa mapazi a anthu ndi osiyana. Chimene anali nacho chitsimikizo ndi ichi: nsapato yotha siteteza, nsapato yatsopano imafuna kuizolowera pang'onopang'ono, ndipo ululu umene munthu angauloze ndi chala chimodzi pafupa si wothamanga nawo. Anati kamng'alu kakadziwika msanga kamapola ndi kupuma kwa masabata angapo, koma ukaumirira kamaduka ngati kanga. Ndinatuluka m'chipinda muja ndikufuna kukauza azakhali, koma anagona kale ku manda.

Tsopano tibwere ku jumbo ili. Tadala, nsapato iyi amayi ako anakugulira pa kaunjika kumsika kuno, ndipo wathamanga nayo kuyambira chaka chako choyamba ku sekondale. Ife anthu a mu Blantyre nsapato timaiona pamwamba. Wogulitsa amaichapa, amaika mapepala m'kati kuti iime bwino, ife n'kumati yatsopano. Sitifunsa kuti mwini wake woyamba kunja kuja anaiponda mitunda ingati asanaitaye. Ndiye Loweruka lililonse timaikwecha ndi burashi ndi sopo n'kuiyanika padenga la malata dzuwa lonse. Ikawala timati ikadali ndi moyo. Ine ndimafuna kuona m'mimba mwake, n'chifukwa chake ndinatenga mpeni. Taonani apa. Siponji iyi, kumene kumakhala chidendene, ndikaidina ikubwerera pang'ono. Koma apa, pansi pa zala, yaphwatalala, ikunyenyeka ngati buledi wogona, ndipo mbali imodzi yatsika kuposa inzake. Pamwamba nsapato ya kutchalitchi, pansi palibe kanthu. Phazi lako lakhala likugunda msewu pamenepa kwa nthawi yaitali.

Kenako zafika za amalume ako, zopepuka ngati pepala, zokongola, sindikukana. Iwe tsiku lomwelo yakale kuseri kwa chitseko, zatsopano kuphazi, ndipo chifukwa mpikisano wayandikira wawonjeza mtunda. M'mawa ukukwera cha ku Soche, madzulo ukufika ku Nancholi, pa tala pokhapokha. Chakudyanso ukungonyomola, wina anakunamiza kuti wowonda ndiye amathamanga. Fupa lidzikonza ndi chiyani, ndi mphepo? Ine si dokotala, mwina ndikulakwitsa, ndipo ndingakondwe kulakwitsa. Koma filimu imeneyi ndinaionerapo, ndipo wosewera wake ndinali ine.

Dzana ndinamva amayi anu pa foni, inde Rozina, ndikudziwa kuti ukumvetsera kukhitchiniko, akuuza mnzawo kuti pali mtsikana wina wa ku Machinjiri amene amachitira Tadala nsanje, ndipo mwina wamuchita chipongwe. Ndinangoti ha, azakhali auka! Ngati mukufuna kumuwaza Tadala madzi odalitsa, ine ndilibe nazo vuto, muwazeni, inenso mundiwazeko mawondo. Koma mwana wa eni ake mumusiye. Lusiyano anamwalira osamva aliyense wa kwathu akumupepesa, ndipo sindikufuna kuti pakhomo pano pabwezedwenso munthu ndi nthochi zake.

Dikirani ndivule silipasi. Onani, chotupa chake ndi ichi, gwirani, sichiluma. Tsopano iwe Tadala vula yako. Usayang'ane amayi ako, yang'ana ine. Ndilozere pamene pakuwawa, ndi chala chimodzi, osati dzanja lonse.

Mwaona ana inu? Pomwepo. Pamwamba pa phazi, kumbuyo kwa chala chachiwiri, pamene pali chotupa changa. Ndipo patupa. Ndingodina pang'ono, pepa, pepa mwana wanga, sindibwerezanso. Wati chiyani? Lankhula mokweza, makutu anatha awa. Akuti, "Agogo, pamawawa ngakhale ndikungopita kukatunga madzi, koma ndikapanda kuthamanga Loweruka andisiya, asankha ena."

Ndikudziwa. Sindikunamiza kuti sakusiya, mwina akusiyadi, ndipo zikuwawa mpaka chaka chamawa. Inenso zikundiwawa, chifukwa ndakhala ndikudikira kuti ndikaime m'mbali mwa bwalo ndi chipewa changa n'kumauza aliyense kuti uyo ndi mdzukulu wanga. Koma ndikuopa, Tadala. Ine ndinasankha mpikisano umodzi, ndipo unali womaliza. Iwe uli ndi mipikisano yambiri kutsogoloku kuposa mano amene atsala m'kamwa mwangamu. Mawa tipite akakuone. Mayi uja anati nthawi zina kamng'alu kakakhala katsopano sikaoneka msanga pojambula, ndiye uwauze zonse, za nsapato, za mtunda, za chakudya, usabise. Akanena kuti ndi minyewa chabe, ndidzakuperekeza ndekha Loweruka n'kupepesa pamaso pa onsewa. Akanena kuti ndi fupa, aphunzitsi ako ndikawauza ndine, iwe usavutike.

Lira, palibe wokuseka pano. Wina amupatse kansalu. Rozina, bwera umugwire mwana wako, mbale zidikira.

Wati chiyani tsopano? Ha! Mwamumva? Akuti, "Chabwino agogo, mawa tipita. Koma zatsopanozi musadule." Sindidula, ndalumbira. Bweretsa ndizisunge pansi pa bedi langa mpaka adokotala atanena kuti nthawi yakwana, ndipo ukadzayamba kuzivala uziyamba pang'onopang'ono, pabwalo la fumbi. Kuzitembenuza n'kudina siponji yake ndi chala, kumeneko ndiye sindikulonjeza.

Takhuta, mwana wanga, ndiye zikomo wa kwathu ku Nsanje ameneyo. Tsopano dzuka bwinobwino, usaliponde, tsamira paphewa langa tilowe m'nyumba. Taonani ana inu, tonse awiri tikutsimphina mwendo wamanzere. Mawa popita kukakwera minibasi anthu aziti mdzukulu akutonza agogo ake, koma asiyeni anene. Ine ndatsimphina moyo wonse, iwe utsimphina masabata ochepa chabe.